Chigayo cha Nthambi Chadya Ng'ombe Zanu

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi? Mitengo iliko? Ndafunsa dala, chifukwa ngati iliko yambiri mundiuze ndibwere ndi makina anga, kuno ntchito yandikanika.

Ndine Limbani. Musadandaule ndi kalembedwe, mukudziwa kuti ine ndi sukulu tinasiyana mwamtendere, iyo inalowera kwake, ine kwanga. Mukaona chilembo chagona chammbali mungochidzutsa nokha.

Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa sizichedwetsa. Asisi Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Chipumi n'chanu chomwe chija. Akakwiya amakweza nsidze imodzi ngati mmene munkachitira ndikabwera ndi kabudula wong'ambika. Ine ndikamunyamula ndimayang'ana kumbali, ndimaopa angandifunse za ng'ombe.

Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Fodya wa alamu a Phiri anapita ku okushoni, mabelo ena anabwezedwa, otsalawo anagulidwa pamtengo woti munthu umve utakhala pansi. Nkhuku zanu chitopa chinakolola. Inatsala yakuda yolusa ija munkati ili ndi mtima wa apongozi. Imeneyo ngakhale chitopa chinaiopa.

Tsopano pezani pokhala. Ng'ombe zanu zija, Bulaki ndi Sikochi, kulibe. Ngolo kulibenso. Ndipo ine ndapereka dzina kwa kapitawo wa ku esiteti ya fodya, lole idzabwera kudzatenga matenanti mvula isanagwe. Eya, ku esiteti, Amayi. Komwe kuja munachoka mutaika ababa, mtolo pamutu, ine kumsana, asisi akuyenda pambuyo atagwira nsonga ya chitenje. Munkanena mukuswa nkhuni kuti, "Mwana wanga akadzapondanso ku esiteti ndidzadzuka." Ndiye ndati ndikufotokozereni ndekha mmene zinayendera musanayambe kusasa dothi.

Paja munkanditcha pusi chifukwa chokwera mitengo. Upusiwo unayamba kundidyetsa. Mutangotisiya ndinayamba kuyenda pa Boma ndi chikwanje ndi chingwe, kudulira mitengo m'nyumba za anthu. Wina mtengo wa malayina ukugwera pa malata, wina mango afika ku mawaya a magetsi, wina bulugamu wapendekera kwa neba ndipo ayamba kale kutukwanizana. Onsewo amati itanani Limbani. Ndinkakwera, kusadza nthambi, kutsitsa ndi chingwe bwinobwino osaswa ngakhale windo. Madzulo ndinkabwerera ku Kaomba ndili ndi sopo, mchere, nthawi zina kanyama. Sizinali zambiri koma zinali zanga, ndipo palibe kapitawo ankandiwerengera maola.

Tsiku lina ndinakadulira pa loji ina. Ndili m'mwamba, amayi a nkhuni anali atafika kale pageti, nkhata m'manja, monga zimakhalira. Mwini lojiyo sizinamusangalatse. Akuti alendo ake amabwera kudzapuma, osati kudzaonerera anthu akulimbirana tsatsa. Nditatsika anandionetsa vidiyo pafoni. Amayi, ndinaona mzungu akulowetsa nthambi yathunthu kukamwa kwa chimakina, kumbuyo kukutuluka tizibenthu ngati gaga. Pabwalo mbee, ngati sipanagwe mtengo. Bwanayo anati, "Ukapeza chimenechi, ntchito ya pano ndi yako, ndipo anzanga onse a maloji ndi masukulu ndiwauza." Ine mutu unazungulira pomwepo. Ndinadziona ndili mu ovolosi yolemba dzina langa kumsana.

Nkhani ndinaifikitsa kumudzi, yoti tigulitse ng'ombe ndi ngolo tigule chimakinacho. Inu mukanakhalapo mukanangoti, "Iwe, chikomekome cha mkuyu," n'kupitiriza kusenda nthanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma panalibe wonena zimenezo. Atsibweni a Yohane, alongo anu, anaonera vidiyoyo mpaka foni inazima. Iwo anali kale ndi nkhawa ndi akuba, poti khola la kwa a Chisale linali litathyoledwa, ndiye ankati ng'ombe masiku ano n'kusungira anthu ena. Alamu anati makina sadwala chigodola. Asisi okha ndi amene anafunsa kuti nanga manyowa tizidzanyamula pa chiyani, nanga munthu akadwala tidzamutengera pa chiyani ku chipatala. Atsibweni anawayankha kuti, "Tidzagula galimoto, iwe." Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse.

Ng'ombe ndi ngolo anagula a Chisale omwewo, kubwezeretsa khola lawo. Tinavala zakutchalitchi, ine, atsibweni ndi alamu, ulendo wa ku Lilongwe kukasankha chigayo cha nthambi.

Kumeneko tinapeza bwalo lodzaza makina akale ndi atsopano. Wogulitsa anali bambo wofatsa, wa imvi m'mbali, manja akuda ndi girisi. Anationetsa zitatu. Choyamba kanali kakang'ono ka magetsi, koti ukhoza kukakweza pa njinga. Kameneko tinakakana tonse, magetsi ake ati? Atsibweni anati kameneka n'kogayira tsabola. Chachiwiri chinali chapakati, cha petulo, cha mateyala awiri ngati wilibala, choti munthu mmodzi n'kumakankha. Chachitatu chinali kuseri, atachifunditsa lona. Chachikulu, chofiira, cha dizilo, kukamwa kwake koti ine n'kulowamo n'kutembenuka.

Bamboyo anatifunsa mafunso. Nthambi zake zimakhala zazikulu bwanji? Mumadula mitengo ingati? Mukachikoka ndi chiyani? Nditamufotokozera anati, "Achimwene, tengani chapakatichi. Chachikulucho si chanu, n'cha makampani a nkhalango." Atsibweni anandigwira pamkono n'kundikokera pambali. Anati, "Mphwanga, ine misika ya ng'ombe ya ku Santhe ndayenda usanabadwe. Mwini khola akakuuza kuti iyi musatenge, dziwa kuti ndiyo ng'ombe. Waona wachibisa kuseri? Akusungira m'bale wake."

Ndiye anayamba kuchiyesa monga mmene amayesera nkhunzi. Anachiyendera uku ndi uku. Anachimenya pambali ndi chikhatho kumva kulimba kwa nthiti. Anauza bamboyo atsegule aone mano, n'kumayeza mipeni yake ndi chala. Alamu anagwada kuyang'ana kunsi, kaya ankafuna aone ngati n'chofula. Kenako atsibweni anafunsa kuti chimadya bwanji. Bamboyo anati chimamwa dizilo kwambiri, akuganiza kuti atiopseza. Atsibweni anaomba m'manja. "Wamva? Ng'ombe yodya ndiyo imakoka." Atachiliza, nthaka inanjenjemera, mbalame zonse zinathawa m'bwalomo, ine mtima unangoti myaa. Bamboyo anayesanso kachiwiri, anati, "Bambo, ndikukupemphani, ganizani bwino." Atsibweni anandipsinyira diso. Ine ndinati, "Bwana, musavutike, tachiona kale chomwe mukubisa."

Pakamwa pangapa, Amayi. Munkati padzandidyetsa kapena padzandipha. Panopa pali kumbali yachiwiriyo.

Tinachikweza pa lole ina yobwerera yopanda katundu kuchokera ku okushoni. Titafika kumudzi anthu anasonkhana ngati kwabwera mkwatibwi. Ana anachikwera, amayi ena analuluta. Mawa lake m'mawa, nditati ndinyamuke kupita ku loji, m'pamene tinayang'anana. Chimakina chija sichiyenda chokha. Tinakankha anthu anayi, chinangosuntha pang'ono n'kutitimira mumchenga. Tinagulitsa ng'ombe kuti tigule chinthu chofuna kukokedwa ndi ng'ombe.

Ndinapita kwa a Chisale kukachita hayala Bulaki ndi Sikochi. Musaseke. Kapena sekani, kumeneko mwina zoseketsa n'zosowa. A Chisale anandipatsa mtengo ngati mlendo, n'kundichenjezanso kuti ndisazimenye, ng'ombe zawo sizinazolowere chikwapu. Zawo! Sikochi sanandilabadire, ameneyo analibe chikondi chiyambire. Koma Bulaki anandinunkhiza m'thumba kufuna chitsononkho chamchere monga munamuzoloweza. Ndinalibe kanthu. Ulendo wonse wa ku Boma ndinkayenda kutsogolo kuti tisaonane maso.

Pa loji ntchito inayenda, bodza n'loipa. Ndinadula, ndinalowetsa, chinameza. Nthambi yoti mayi angaphikire sabata yathunthu inkatha ndisanameze malovu. Bwana ankajambula pafoni. Ine ndinkavina pang'ono polowetsa nthambi kuti vidiyo ikome. Nditazimitsa injini m'pamene ndinamva kuti kunja kwa geti kuli zii. Amayi a nkhuni aja anali ataima pampanda, nkhata m'manja, zingwe m'chiuno. Pakati pawo panali a Nabanda, anzanu aja munkayenda nawo kogulitsa nkhuni tisanagule thole loyamba. Akalamba, Amayi, msana wapindika. Anandikodola. Anati, "Iwe, si iwe mwana wa malemu Nangozo?" Ndinavomera. Anayang'ana mulu wa tizibenthu uja, n'kundiyang'ananso ine. Anati, "Chabwino. Ndiye utiphikire, poti nkhuni wadya wekha." Ndinayesa kuseka, ndinati agogo tengani tizibenthuti, n'taulere. Anatapa dzanja limodzi, kutifinya, madzi a mtengo wauwisi n'kutuluka. Anati, "Mayi ako akanamanga mtolo wa zimenezi?" Anatitaya pamapazi panga, anapukuta dzanja pachitenje, n'kumapita. Enawo anawatsatira. Palibe anatukwana. Bola akanatukwana, ine zotukwana ndimadziwa kuyankha.

Mitengo ya pa loji inatha tsiku lomwelo, ndipo mtengo si tsitsi kuti mwezi wamawa ukametenso. Anzake a bwana aja mpaka lero sanaimbe, kaya foni inagwera m'chitsime. Nditapitako kukawakumbutsa, mlonda anandiuza kuti bwana ali mu mitingi. Mitingi imeneyo sinathebe.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo kutsatsa. Apa m'pamene ndinaphunzira zomwe ndinkazidziwa kale. Kuno kwathu mtengo ukagwa, chilichonse chili ndi mwini wake usanafike pansi. Thunthu n'la matabwa. Nthambi ya mphanda n'yomangira chigafa cha fodya. Zowongoka ndi mikangala yoyanikira fodya. Zokhota ndi nkhuni za mayi wa pakhomo, tsatsa n'za neba amene anathandiza kukoka chingwe, masamba mbuzi zayamba kale kudya. Munkanena inu kuti mtengo uli ngati mbuzi ya pa ukwati, chotaya ndi kulira kokha. Ndiye ine ndikubwera ndi chimakina kuwauza kuti ndilipireni ndikuwonongereni zonsezi. Mphunzitsi wina anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati kwathu kuli wina amene amandiyang'anira.

Ku Lilongwe kuja tinafunsa za mano, za dizilo, za mateyala, za komwe tingapeze lamba akaduka. Palibe mmodzi mwa ife atatu anafunsa kuti kodi ku Kasungu alipo munthu amene ali ndi nthambi yotaya. Dziko loti fodya anadya mitengo yonse, anthu akuphikira zitsononkho ndi mapesi. Tonse atatu tinakulira momwemo. Atsibweni okha amabisa nkhuni kuseri kwa bedi nthawi ya dzinja.

Choipa kwambiri n'chakuti ngakhale ntchito yanga yakale ija inafa. Mbiri inawanda kuti Limbani amagaya nkhuni. Amayi a m'makomo anauza amuna awo kuti ameneyo asayandikire mtengo wanga. Ndikalumbira kuti ndabwera ndi chikwanje chokha, sakhulupirira, amasuzumira kumsewu kuona ngati chofiira chija chikubwera pambuyo. Tsopano akuitana anyamata ena oti kukwera kwake amachita kukumbatira mtengo ngati akuupepesa. Ndikadutsa pa siteji a kabaza amakuwa kuti, "Achigayo! Bisani mipando!" Ndimawayankha, inde, ndimawauza kuti njinga zawozo n'zimene ndiyambire kugaya. Amaseka, nanenso ndimaseka. Ndikakhota pakona kuseka kumathera pomwepo.

Ndinayesa nzeru ina. Nthawi ya nazale itafika ndinauza alamu kuti m'malo movutika kumweta udzu wophimbira mabedi a fodya, tiyeni tiphimbe ndi tizibenthu tija, tili mulu kuseri kwa nyumba. Ndinati azungu amatero, ndinaona pa vidiyo. Alamu anakayika, koma poti nawonso anagwada nawo pansi pa makina ku Lilongwe, anafuna kuti chinthucho chioneke kuti chili ndi ntchito. Tinaphimba mabedi onse. Inu mukudziwa mbewu ya fodya mmene ilili, kachepa ngati fumbi, imafuna udzu wopepuka woti uzichotsa pang'onopang'ono. Tizibenthu tija tinamwa madzi, tinalemera, tinagwirana ngati thabwa. Pansi pake chiswe chinachita phwando. Anzathu mbande zawo zikubiriwira, ife titafukula tinapeza dothi lokha ndi timizu toyera towerengeka. Alamu sanakalipe. Anakhala pa ndowa yothirira, chipewa pa bondo, mpaka dzuwa linawapeza pamutu.

Chaka chino pakhomo pano sipakhala fodya. Alamu sakundilankhula, akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wakhanda. "Uwauze amalume ako achotse chinthu chawo pamthunzi." Asisi amandipakulira chakudya osanena kanthu, ndipo kusanenako kumandipweteka kuposa ndodo yanu ija. Tsiku lina mwana anatentha thupi, anachita kumubereka wapansi mpaka kumsewu, poti ngolo ya a Chisale inali kokatuta njerwa. Anachira, musadandaule. Koma asisi atabwerako anangokhala pakhonde n'kumayang'ana khola lopanda kanthu lija, momwe mwamera bonongwe wonenepa ndi manyowa a Bulaki.

Tinaimbira bambo wa ku Lilongwe uja kuti atibwezere. Anati katundu akatuluka watuluka, ndipo anatikumbutsa mofatsa kuti anatipempha kawiri. Munthu wina wa ku Santhe anabwera kufuna injini yokha kuti akaike pa chigayo cha chimanga. Mtengo umene anatchula sungagule ngakhale Sikochi yekha wopanda mchira. Ine ndinati tipereke, bola pang'ono. Atsibweni anakana. Akuti anthu adzatiseka. Ndinati atsibweni, anayamba kale, panopa angotsala pang'ono kumaliza. Sanaseke. Iwo amati makinawo ndi abwino, anthu a ku Kasungu ndiwo sanafike pa msinkhu wake. Amabwera m'mawa kudzachipukuta ndi kansanza. Akalamba mwadzidzidzi alongo anu, kutchalitchi akukhala kumbuyo.

Ndiye taonani. Ufa ufika pa Khrisimasi mwina, osapitirira. Pakhomo pali mwana woyamwa. Fodya kulibe, ngolo yoti tichite nayo maganyu kulibe, pa Boma dzina langa lanunkha. Kapitawo uja atabwera pamsika kufuna anthu, ndinazungulira kangapo ngati galu wofuna pogona, kenako ndinapita. Ku esiteti amapereka chimanga cha phoso, ndiye pakamwa pamodzi pachoka pa mbale ya asisi. Anandifunsa ngati ntchito ya fodya ndimaidziwa. Ndinati bwana, ine ndinabadwira mu chigafa, mchombo wanga uli kwanuko. Anaseka, anati anthu oseketsa amawafuna chifukwa amachedwa kuthawa.

Asisi nditawauza analira, anati, "Amayi akanakhalapo." Ndinati akanakhalapo bwenzi ng'ombe zili m'khola, ine ndili ndi chotupa pamutu, tonse tili osangalala. Anaseka akulira, kenako anandigenda ndi chipande.

Sindikudziwa ngati kumeneko mumaona zonse kapena amakuonetsani zosankha. Ngati mumasankha nokha, za ku esiteti musaonere. Munaziona kale, palibe chasintha, nyumba zake ndi zomwe zija za udzu zoti ukayetsemula denga limasuntha. Inu khalani pano ndi asisi ndi kamwana ka dzina lanu. Muziwayang'anirako atsibweni, akumalankhula okha panjira. Ndipo ngati muli ndi mpata wolankhula ndi akuluakulu a kumeneko, a Nabanda muwapezereko mtengo umodzi wouma ugwe pafupi ndi nyumba yawo, usawapweteke, ungogwa.

Ndimafuna ndikulonjezeni kuti ndikakhala ku esiteti chaka chimodzi chokha, ndikagulitsa fodya ndibwera ndi ng'ombe ziwiri. Ndinawauza asisi choncho. Anandiyang'ana n'kunena kuti ababa ananenanso mawu omwewo tsiku lokwera lole. Ndiye limenelo sindilonjeza, mungandigwire bodza muli chigonere.

Lomwe ndingathe ndi ili. Kumeneko ndipita ndekha ndipo ndikakhala ndekha. Sindikakwatira, ngakhale atandisekerera wa mano oyera bwanji, ngakhale atandiphikira nkhwani wotendera. Zaka zikachuluka, zichulukire ine. Mdzukulu wanu sadzabadwira mu chigafa. Limeneli mundigwire nalo, ndikadzaliphwanya mudzadzukedi, ndodo ndidzakupatsani ndekha.

Ababa muwapatse moni, koma komwe ndikupita musawauze.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakukwiyitsani.

Ine mwana wanu wosamva,
Limbani